Mapedulo a Che Saidi

Ana anga, za ubwana wanga ku Malosa munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa mmene zinalili. Ine ndilemba za ntchito basi. Mutu uno ndi wa njinga, ndiponso wa munthu mmodzi amene ndinamutsitsa pa njinga yake asakufuna. Ndaulemba mopumira, chifukwa maso sakundilola kukhalitsa pa pepala.

Chaka choyamba, ku ofesi ya m'tauni

Ndinalowa ntchito pa kampani ina yaing'ono imene inkafesa mbande za mitengo ndi maluwa pamwamba pa phiri la Zomba n'kumazigulitsa m'tauni. Dzina lake ndilisiya, pakuti idatha kale. Ndinali mnyamata wa sukulu ya kumudzi, wamanyazi, wodzidzimuka ngakhale telefoni ikalira. Ntchito yanga inali kusesa, kupukuta mawindo ndi kuphika tiyi. Bwana wathu anali a Mbewe, munthu wosakweza mawu. Akalowa mu ofesi ankayendetsa chala pa windo n'kuchiyang'ana ngati chatola fumbi. Ndinkafunitsitsa kuti andikonde. Akangoyamba kulankhula, "inde bwana" anali atatuluka kale pakamwa panga. Tsiku lina anaima pakati pa mawu n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mateyu, sindinamalize. Ukuvomera chiyani?" Ine ndinati, "Inde bwana." Ofesi yonse inagwa ndi phwete.

Amene anaseka kwambiri anali Che Saidi, mmodzi mwa amuna amene ankatsitsa mbande kuchokera kuphiri pa njinga. Anali wamkulu kwa ine ndithu, Myao wamfupi wa mapewa otambalala, wovala kachipewa koyera ngakhale kunja kukugwa mvula. Atamaliza kuseka ananditsatira kukhitchini. "Mwanache," anatero, kunditcha mwana m'Chiyao, "tiyi wako ndi wabwino, koma ufuna ukalambe ndi tsache m'manja?" Ndiwo anandipezera kachipinda ku Zakazaka kuseri kwa nyumba yawo, ndipo akazi awo ankandisungira mbale madzulo mpaka nditakwatira mayi anu. Ndiwonso anakauza a Mbewe kuti mnyamata wa tiyi uja ali ndi miyendo, amuyese kuphiri.

Zaka za a Mbewe, kuphiri

Nazale yathu inali m'nkhalango ya paini, kumtunda kwa mtsinje wa Mulunguzi. Kagwiridwe ka ntchito kanali kotere. M'mawa tinkakankha njinga zopanda katundu kukwera phiri, chifukwa msewu umene uja palibe angaupalase. Kumtunda tinkamanga pa kaliyala bokosi la matabwa lodzaza mbande, iliyonse mu kachubu kake kakuda ka dothi lonyowa. Dothi lonyowa limalemera ngati munthu. Kenako tinkatsika nazo mpaka ku ofesi. Galimoto inalipo imodzi, koma nthawi zambiri inkakhala pa miyala kudikira zipangizo, choncho kampani yonse inkayenda pa miyendo yathu.

Tsiku loyamba kutsika, Che Saidi anandiimitsa pa geti ya nazale. "Tamvera. Potsika sukhala pa chishalo ayi. Ukakhala, katunduyu ndiye akuyendetsa iwe. Umaimirira pa mapedulo, matako kumbuyo, mawondo ofewa. Buleki umangoitsina, osaifinya. Manja sagwetsa munthu pa phiri lino. Chimagwetsa ndi phazi. Likangoterereka, tikakutola ku Mulunguzi." Ndinati inde, ngakhale sindinamvetse. Ndinamvetsa titafika pokhota poyamba, pamene kumanja kuli thanthwe, kumanzere kuli nsonga za mitengo zimene zili pansi pa iwe. Thupi lonse ndi bokosi lonse zinatsamira pa timalo tiwiri tating'ono pansi pa mapazi anga. Nditafika m'tauni ndinatsala pang'ono kugwa potsika. Che Saidi anagwira njinga n'kuti, "Chambone, wachita bwino. Mawa uchepetse kupemphera mokweza, ukuthawitsa anyani."

Masiku amenewo njinga zonse zinkabwera ndi mapedulo a mphira yakuda yokhuthala. Ankagwira phazi kaya wavala jombo, kaya patapata, kaya uli chabe, ndipo palibe ankawaganizira. Tinatsika phiri limenelo zaka zambiri, m'dzuwa, m'mvula, ndi m'chiperoni cha mwezi wa Juni, kamvula kowaza kaja kamene kamabwera ndi nkhungu n'kukhala masiku osachoka. Sindinganene kuti ndinkaikonda ntchitoyo. Mawondo amene akundipweteka lero ndinawatenga kumeneko. Koma ndinkadziwa kuigwira, ndipo amene anandiphunzitsa ankayenda patsogolo panga tsiku lililonse, kachipewa koyera kakuoneka ndi kubisika m'nkhungu.

Zaka za a Gondwe, pamene mphira inasowa

A Mbewe atapuma kunabwera a Gondwe, munthu wachinyamata wochokera kumpoto, woyenda mofulumira ndi wolankhula mofulumira. Sanali woipa. Anaona kuti njinga zikungowonongeka aliyense akumakonza mmene wafunira, ndiye anaika lamulo: pakhale kapitawo mmodzi wosunga zida, ndipo pasapezeke wosintha kanthu pa njinga ya kampani popanda iyeyo. Anasankha ine. Ndikuganiza kuti anandisankha chifukwa sindinkatsutsa. Ndinachita manyazi kudutsa Che Saidi, amene anali wakale kuposa tonse, koma iwo anangoseka. "Tenga, mwanache. Ine makiyi amandilemera m'thumba."

Nthawi imeneyo zinthu zinayamba kusowa. Matayala ankabwera ofewa, tcheni chosachedwa kuduka, ndipo mapedulo a mphira aja anangozimiririka m'masitolo. Akatha, tinkatsala ndi kachitsulo kapakati kokha, koterera ngati nsomba, ndipo kwa miyezi ingapo tinkatsika phiri titaponda pamenepo. Pamsika panatsala mitundu iwiri. Ena anali apulasitiki, opepuka, osalala pamwamba, abwino kwa wopita kutchalitchi pa msewu wosatsetsereka. Ena anali achitsulo okhala ndi mano m'mbali ngati sowo. Amenewa amaluma pansi pa jombo osasiya, ngakhale pa matope, koma akakuphonya n'kukumenya pa msongolo amachotsa khungu. Ndinauza a Gondwe kuti a phiri ndi achitsulo, koma pamodzi ndi magambutsi. Anavomera zonse ziwiri. Ndinamanga mapedulo achitsulo pa njinga zonse ndi manja anga, ndipo kwa nthawi ndithu palibe anagwa. Ndinkayenda ndi mtima wopepuka, ndikuganiza kuti ukapitawo ndi umenewu basi.

Juni wa chaka chovuta

Ndinayamba kuona kuti Che Saidi asiya magambutsi. Kuzizira konse kuja kwa kuphiri, iwo ankabwera ndi patapata, phazi lamanzere atalikulunga kansalu. Anzathu ankawaseka kuti agulitsa magambutsi a kampani, iwo n'kumaseka nawo. Lachisanu lina atachokera ku mzikiti anandipeza ndekha mu kachipinda ka zida kuseri kwa ofesi. Anatseka chitseko, anakhala pa bokosi, n'kumasula kansalu kaja. Phazi linali lotupa, lonyezimira, ndipo pafupi ndi chala chachikulu panali kabala kakang'ono koyera m'mbali.

"Kakhala milungu," anatero. "Kuchipatala akuti ndi shuga. Akuti ndikapanda kusamala bala ngati ili limatenga mwendo. Gambutsi sililowa, likalowa limanditupula. Ndiye mano a mapedulo akowa amaboola patapata. Sindimva n'komwe, ndimangoona magazi ndikafika."

Kenako anatulutsa m'thumba la jekete mapedulo awiri apulasitiki akuda, atsopano, omangidwa pamodzi ndi kawaya. Anawaika pa mawondo anga.

"Ndagula ndekha. Undimangire. Sipanala ili kwa iwe."

"Che Saidi, apulasitiki pa phiri?"

"Phiri limeneli ndinkalitsika iwe ukuphika tiyi. Kwanditsalira mvula ziwiri kuti ndipume bwinobwino ngati munthu. Undimangire, ndipo a Gondwe asamve. Akamva andiuza kuti ndizipita kunyumba."

Ana anga, "inde" anafika pa lilime. Munthu ameneyu sanandipempheko kanthu chiyambire, ndipo ine ndinali ndisanakanizepo munthu aliyense, ngakhale amene sindinkawakonda. Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinangoti, "Ndiyambe ndaona." Anandiyang'ana modabwa, n'kumanganso kansalu kawo.

Nditafotokozera mayi anu, anasiya kusankha nyemba n'kundiyang'ana. "Ndiye mukawasiyira achitsulo, phazi lipita. Mukawamangira apulasitiki, apita okha ndi phazi lomwelo. Bambo a Chikondi, pamenepa mukusankha chiyani?" Ndinati mwina apulasitikiwo si oipa mmene ndimaganizira, chifukwa sindinawayesepo pa phiri. Iwo anati, "Mukufuna akhale abwino chifukwa mukuopa kukana."

M'mawa mwake linali Loweruka, chiperoni chitakuta phiri. Ndinamanga mapedulo apulasitiki aja pa njinga yanga, ndinavala patapata, ndinakankha kukwera, ndinamanga bokosi lodzaza monga mwa masiku onse. Poyamba zinayenda, ndipo mtima unayamba kukondwa kuti ndikawauza kuti inde. Koma tayala lakutsogolo linkawaza madzi amatope kumapazi, ndipo patapata anayamba kusambira pa pulasitiki. Ndinakanikiza zala za kumapazi ngati nkhuku pa mtanda. Pokhota paja pamene pali thanthwe, nditangotsamira, phazi lamanja linachoka ngati wina walikoka. Ndinagwera pa chitsulo chapakati, njinga inapita mbali, bokosi linandikankha kumbuyo, ndipo ndinakhwekhwereka mpaka m'udzu wa m'mphepete. Nditatukula mutu ndinaona mbande zikugubuduzika kutsetsereka mpaka kusowa m'nkhungu. Sindinazimve zikufika pansi.

Amayi atatu amene ankatsika ndi nkhuni pamutu anatula mitolo n'kuthamangira. Mmodzi anandikoka malaya. "Abambo, kachasu wa m'mawa uno?" Wina anayang'ana mapazi anga n'kugwira pakamwa. "Inu a mbande simuyenda ndi magambutsi kodi? Mwatopa nawo moyo?" Ndinawathokoza, ndinakhala pa mwala. Chimene ndinkaganiza chinali chimodzi. Ine ndinamva phazi likuyamba kuterereka, ndipo ndinalephera kuligwira. Che Saidi anali atandiuza okha kuti phazi lawo silimvanso kanthu.

Lolemba sindinapite kwa a Gondwe poyamba. Ndinapita kwa eni ake. Ndinawapeza pa geti ya nazale akumanga bokosi, ndipo ndinawaonetsa chigongono changa chonyuka.

"Ndawayesa," ndinatero. "Sindikumangirani."

"Iwe wagwa chifukwa sudziwa kutsika. Sunadziwepo."

"Mwina. Koma sindikumangirani."

"Chabwino, siya achitsulo omwewo. Ndizikulunga nsalu ziwiri."

"Amenewonso ayi, Che Saidi. Simutsikanso phirili pa njinga ya kampani. Ndikupita kwa a Gondwe, ndiye ndati mumve kwa ine."

Anasiya chingwe n'kuimirira. "Mateyu, ndani anakuchotsa pa tsache?"

"Ndinu."

"Ndani ankakusungira mbale?"

"Ndi kwanu."

"Ndiye lero ukundilipira chonchi? Phazi ndi langa, khosi ndi langa. Ndikafa adzalira ndi ana anga, osati iwe."

"Inenso ndidzalira," ndinatero, koma motsitsa, ndipo sindidziwa ngati anamva. Ndinamasula bokosi pa njinga yawo n'kulimanga pa yanga. Sanandiletse. Anangoima, manja ali lende.

A Gondwe anamvetsera akugogoda tebulo ndi cholembera. Anati munthu wodwala chonchi ayenera kukapuma. Ndinati, "Ayi bwana." Anasiya kugogoda, chifukwa mawu amenewo anali asanawamvepo kwa ine. Ndinapempha kuti Che Saidi asachotsedwe, apatsidwe ntchito yokhala pansi mpaka zaka zawo zikwane, ndipo ulendo wawo wa tsiku ndi tsiku tizigawana otsalafe. Anaganiza n'kuti malo alipo amodzi okha, othira dothi m'machubu, ndipo akhoza kumagona ku kanyumba ka mlonda wa nazale pakati pa sabata kuti asamavutike ndi phiri. Ndinathokoza. Ndinkadziwa kuti kuthira dothi inali ntchito ya amayi aganyu, ndipo ndinkadziwa mmene Che Saidi adzaimvere.

Mvula ziwiri zotsatira

Anaigwira ntchitoyo. M'mawa uliwonse tikafika ndi njinga tinkawapeza atakhala pa kampando pakati pa amayi aja, phazi ali nalo pa thumba, akuthira dothi ndi kachitini. Amayiwo ankawakonda, ankawatcha "amuna athu a tonse", iwo n'kumabweza nthabwala. Koma tikamanga mabokosi n'kuyamba kutuluka pa geti, ankaweramitsa mutu osayang'ana. Kwa ine anasiya "mwanache". Anayamba kundipatsa moni waulemu wonse. "Mwadzuka bwanji a kapitawo?" Ndikafunsa za phazi ankati, "Lili bwino, a kapitawo, zikomo kwambiri." Inu akuluakulu mukukumbukira kuti pa Idi kunyumba kwathu kunkabwera mbale ya mpunga ndi nyama kuchokera kwa Che Saidi. Chaka chimenecho sinabwere, ndipo munandifunsa, ine n'kukuuzani kuti mbuzi zadula.

Anzanga okwera njinga nawonso sanakondwe, chifukwa katundu wa Che Saidi anagwera pa iwo, ndipo ena ankanena poyera kuti ukapitawo wandilowa m'mutu. Ndinkatenga ulendo wachiwiri ndekha masiku ambiri kuti pakamwa pawo pachepe. Ndinkafika kunyumba osafuna ngakhale kulankhula. Bala lija linapola pang'onopang'ono. Zaka zawo zitakwana, a Gondwe anakonza tiyi ndi mabanzi pa ofesi, ndipo Che Saidi anagwirana chanza ndi aliyense, inenso, n'kutuluka pa geti akuyenda ndi mapazi awo onse awiri. Anasamukira kumudzi kwa akazi awo kunja kwa tauni. Mapedulo apulasitiki aja sanawaitanitse, ndipo ine ndinalibe nkhope yowabwezera. Anakhala pa msomali m'nyumba muno, ena mwa inu munkaseweretsa.

Nditapuma

Kampani itatsekedwa anandisiyira njinga yanga ngati chondithokozera. Sipanapite nthawi, mapazi anga nawonso anayamba kutupa madzulo, ndipo nsapato zotseka zinayamba kundivuta. Tsiku lina ndikupita kutchalitchi pedulo lachitsulo linandikhadzula pa msongolo, magazi mpaka mu sokosi. Nditabwerako ndinayang'ana pa msomali paja. Phiri ndinali nditasiya, maulendo anga anali a kutchalitchi, kumsika ndi kuchigayo. Ndinatenga sipanala n'kumanga mapedulo a Che Saidi pa njinga yanga.

Nditamva kuti akudwala ndinapalasa kukawaona, ndikupuma panjira. Ndinawapeza pa khonde atafunda bulangete, ataonda, maso atayera. Mwana wawo wamkazi anawauza kuti kwabwera a Mateyu. Anatembenukira kumene ndinali n'kuti, "Mwabwera pa chiyani, a kapitawo?" Ndinati pa njinga. "Ibweretseni kuno." Ndinaikankha mpaka pa khonde. Anatambasula dzanja, anapapasa tayala, tcheni, mpaka anafika pa pedulo. Analizunguza ndi chala, analipapasa pamwamba posalala paja.

"Awa ndi anga," anatero.

"Ndi anu."

"Wakuba iwe." Anayamba kuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye wakalamba, mwanache. Wafika pa pulasitiki."

Tinamwa tiyi. Za tsiku lija pa geti sitinazitchule, iwo sananene kuti ndinachita bwino, inenso sindinapepese. Pochoka anandiuza kuti tcheni changa chauma, ndikuchititsa manyazi amene anandiphunzitsa. Anamwalira mvula yotsatira isanathe.

Chaka chino

Mwezi wathawu, Chikondi, unandiona ndikutsika kamtsetse ka ku Zakazaka kuno kobwera kunyumba. Njinga inagwedera pang'ono, ndipo ndinaponda pansi mochedwa. Unangoyang'ana mayi ako, iwonso anakuyang'ana. Ndinaona. Kuyang'ana kumeneko ndimakudziwa, ndinayenda nako Loweruka ndi Lamulungu lija lathunthu ndisanawakanize Che Saidi.

Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi kwa nonsenu. Tsiku loti ndisiye njinga likadzafika, musadzabise njinga kwa aneba n'kundiuza kuti yapita kokakonzedwa, ndipo musadzatume mayi anu. Adzabwere mmodzi, adzaime pamaso panga, adzanene. Ndidzakwiya. Ndidzakukumbutsani amene anakulipirirani sukulu ndi miyendo imeneyi, mwina ndidzakhala nthawi osakulankhulani bwino. Mudzandisiye ndikwiye, koma musadzabwerere m'mbuyo. Sipanala ili pa msomali kuseri kwa chitseko. Pedulo lamanzere limamasukira mbali inayo, musadzalikakamize.